DAVID LIVINGSTONE, MLENDO WOPENYETSETSA

Anthu ambiri akumbukira David Livingstone cifukwa ca maulendo ace atali ndi cifukwa ca kudana kwace ndi malonda a akapolo. Koma munthuyu anali ndi khalidwe lina limene silichulidwa kawirikawiri. Poyenda sanali kungopenya kumapazi. Anali kuona mbalame, mitengo, nyerere ndi minda ya anthu, ndipo madzulo, ngakhale atatopa kapena alikudwala malungo, anali kulemba zonsezo m'kabuku kace.

Iye anabadwa pa 19 March 1813 m'mudzi wa Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ku Scotland. Makolo ace anali osauka, cotero pofika zaka 10 analowa nchito m'nyumba ya makina opota thonje. Nchito inali kuyamba 6 koloko m'mawa ndi kutha 8 koloko usiku, ndipo ataweruka anali kupita ku sukulu ya usiku. Tsiku lopuma likapezeka, anali kuyendayenda m'thengo ndi abale ace, kufuna zitsamba, tizirombo ndi miyala yacilendo. Maso ace anaphunzira kupenya pamenepo, asanalote n'komwe za Africa.

Atakula anaphunzira za mankhwala ndi za Mulungu ku Glasgow ndi ku London, natumidwa ndi London Missionary Society. M'combo anapempha mwini combo kuti amphunzitse kudziwa malo poyesa dzuwa ndi nyenyezi. Anafika ku Cape Town m'caka ca 1841, nayamba nchito pakati pa anthu a ku Bechuanaland, dziko limene lero tilicha Botswana. Pa Mabotsa, m'caka ca 1844, mkango unamgwira nuphwanya pfupa la mkono wace wamanzere. Akadafa pomwepo, koma mphunzitsi wina dzina lace Mebalwe anaulozetsa mfuti, ndipo mkango unasiya Mzunguyo nulumphira iye. Caka cotsatira Livingstone anakwatira Mary, mwana wa Robert Moffat.

Anaona mtsinje wa Zambezi koyamba pa Sesheke m'caka ca 1851. Mu November 1853 ananyamuka ku Linyanti ndi amuna 27 amene mfumu Sekeletu ya Amakololo inampatsa, nakwera mtsinjewo m'mabwato kupyola cigwa ca Alozi. Kumeneko mbalame za m'madzi zinali zosawerengeka: atsekwe, abakha, akakowa, ndi zina zokumba mauna m'magombe. Anaona mbalame ina imene mlomo wace wam'munsi uli wautali kupambana wam'mwamba. Madzulo iuluka pafupi ndi madzi, mlomo wam'munsiwo ulikung'amba madzi monga khasu, nitola tinsomba. Anaonanso ucenjezi wa nkhwazi. Bvuwo akagwira nsomba ndi kuisunga m'thumba la kukhosi kwace, nkhwazi itsika mwaukali ndi mkokomo wa mapiko. Bvuwo, pocita mantha, ayasama kuti alire, ndipo nkhwazi ikwatula nsomba ija nipita nayo.

Anafika ku Luanda, ku gombe la kumadzulo, pa 31 May 1854, ali wofoka ndi malungo. Angerezi amene anali kumeneko anamuuza kuti akwere combo apite kwao akacire. Iye anakana, pakuti analonjeza kuti adzabwezera anthu a Sekeletu kwa mfumu yao, ndipo anadziwa kuti paokha akadabvutika m'njira. Combo cimene cinatenga makalata ace ndi mapu ace cinamira m'nyanja. Atamva mbiriyo anakhala pansi nalembanso zonse.

Mu November 1855 anthu a m'dzikomo anamtengera m'bwato ku cisumbu ca pamwamba pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Iye anawacha Victoria Falls, ndipo mabuku ena anena kuti ndiye anawapeza. Koma mathithiwo sanali otayika. Eni dziko anali kuwadziwa ciyambire makolo ao, ndipo ndiwo anapalasa bwato limene linamfikitsa kumeneko. Livingstone anali Mzungu woyamba kuwaona ndi kulemba mbiri yace.

Kucokera apo analunjika kum'mawa ndi amuna 114, napyola mapiri a Atonga, naoloka Kafue, nafika pa Zumbo, pamene Luangwa athira m'Zambezi. Pa ulendo umenewu nsadzu zinali kuwaitana kawirikawiri. Mwana ali yense wa kumudzi adziwa macitidwe a kambalameka: kalira pafupi ndi munthu, kauluka pang'ono, kateranso, kufikira katamfikitsa pa mtengo wa njuci. Koma ena anali kunena kuti nsadzu ndi yonyenga, ndi kuti itsogolera munthu ku njoka kapena ku cirombo. Livingstone sanabvomere msanga, ndiponso sanakane. Anafunsa anthu ace ngati alipo amene nsadzu inamsoceretsa, ndipo mwa onse 114 mmodzi yekha ndiye anati inamfikitsa pa njobvu. Umo ndimo anali kucitira ndi nkhani zotere: kufunsa eni ace, ndi kuwerenga mayankho.

Asanafike ku Tete anaona cisa ca mbalame ya mlomo waukuru wopindika, imene anthu a ku Bechuanaland aicha korwe. Yaikazi ikafuna kuikira ilowa m'phanga la mtengo, ndipo khomo limatidwa ndi dothi, kungotsala kamng'alu kopitira mlomo. M'menemo ithothoka nthenga, niikira, nifungatira, yaimuna ilikutuma cakudya tsiku ndi tsiku mpaka kuonda. Livingstone anayesa kuti yaimuna ndiyo imata khomo, monga ngati itsekera mkazi wace m'ndende. Amene anapenyetsetsa pambuyo pace anapeza kuti yaikazi ndiyo icita nchito yaikuru ya kumata, ili m'kati, kuti njoka ndi anyani zisafike pa mazira. Anafika ku Quelimane, ku gombe la kum'mawa, mu May 1856.

Ulendo wace waciwiri, wa 1858 mpaka 1864, unali wa zisoni zambiri. Anakwera mtsinje wa Shire nafika pa Nyanja ya Nyasa mu September 1859, koma mathithi a Kebrabasa anatseka njira ya combo imene anayembekeza kuipeza pa Zambezi, ndipo anakangana ndi Azungu anzace ambiri, pakuti sanali munthu wofewa kuyenda naye. Mkazi wace, amene anakhala zaka zambiri kutali ndi iye alikulera ana yekha, anamtsata, namwalira ndi malungo pa Shupanga pa 27 April 1862. Anamuika pafupi ndi mlambe waukuru.

M'caka ca 1866 anabweranso kudzafuna magwero a mtsinje wa Nile. Anazungulira kumwera kwa Nyanja ya Nyasa, nakwera mapiri, nayenda pakati pa midzi ya Amang'anja ndi Acewa. Anasirira minda yao ya mizere ndi nthumbira, ng'anjo zao zosungunulira citsulo, ndi osula amene nyundo zao zinali kumveka kuyambira m'mamawa. Koma kumpoto nkhondo za Angoni zinali zitapasula midzi, ndipo cakudya cinasowa. Anaoloka Luangwa mu December, mvula itayamba. M'nkhalango za tsanya za m'cigwamo anamva kulira kwa mbalame zambiri zimene sanazimve ndi kale lonse, naganiza kuti cigwa ca Luangwa cipambana ngakhale Zambezi pa kucuruka kwa mitundu ya mbalame. Analemba zimenezi ali ndi njala yoopsa. Mbuzi zace zinai za mkaka zinatayika pa nyengo ya Krisimasi, ndipo mu January 1867 amtengatenga awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala ace onse.

Anayendabe. Anaona nyanja ya Mweru m'caka ca 1867 ndi ya Bangweulu m'caka ca 1868. Pa Nyangwe, m'caka ca 1871, anaona ogula akapolo alikuombera mfuti anthu osalakwa pamsika. Mapepala ndi inki zinali zitatha, cotero analemba mbiriyo pa nyuzipepala yakale ndi madzi ofinya m'mbeu za mtengo. Caka comweco H. M. Stanley anampeza pa Ujiji namdandaulira kuti abwerere kwao, koma iye anakana. Anali kukhulupirira kuti mtsinje wa Lualaba ndiwo ciyambi ca Nile. Apa analakwa: Lualaba ndiye Congo.

Miyezi yace yotsiriza anaithera m'madambo a Bangweulu, m'nyengo ya dzinja. Madzi anali ponse ponse, ndipo anthu ace anali kumuolotsa pamapewa. Ngakhale anali kutaya mwazi ndi nthenda ya kamwazi, analembabe za nsomba, za udzu wa m'madzi, ndi za kulira kwa nkhwazi, kumene anati munthu akakumva kamodzi sakuiwala. Mphamvu zitatha anamnyamula pa macila, nafika naye ku mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko la Alala, nammangira kanyumba ka udzu. M'bandakuca wa pa 1 May 1873 anampeza atagwada pambali pa kama wace, atamwalira.

Susi ndi Chuma, akuru a ulendowo, anasonkhanitsa anzao napangana kuti mtembo upite kwao. Mtima wace anaukwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright, amene anadziwa kulemba, anazokota dzina pa mtengowo. Mtembo anauthira mcere nauyanika padzuwa masabata awiri, naukulunga m'nsaru ndi m'khungwa. Sanaiwale mabuku ace. Anawerenga katundu yense namanga bwino. Anayenda miyezi 9, mamailosi opitirira 1,000, ena a iwo nafera m'njira, ndipo anafika ku Bagamoyo mu February 1874. Ku England madotolo anazindikira mtembowo poona pfupa lija mkango unaphwanya pa Mabotsa. Anamuika m'Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Mtengo wa mpundu uja unayamba kuola, ndipo m'caka ca 1899 unadulidwa. Cigawo colembedwa dzina anacitumiza ku London. Pamalo pace, kwa Chitambo, anamangapo cipilala ca cikumbutso.