Samuel Josia Ntara (1905–1976): Mphunzitsi Amene Anapatsa Ana a Sukulu Choŵerenga

Pa mbiri ya zolembalemba za m'Chicheŵa ndi maina ochepa amene amatchulidwa kaŵirikaŵiri monga la a Samuel Josia Ntara. Akatswiri a mbiri yakale amawadziŵa chifukwa cha Mbiri ya Acheŵa, pamene a zolembalemba amawadziŵa chifukwa cha Nthondo. Koma ntchito imene inabala mabuku onseŵa inali ya uphunzitsi, ndipo zolemba zawo zimamveka bwino munthu akayamba wayang'ana m'kalasi momwe zinkaŵerengedwa. Dzina lawo limapezeka litalembedwa mosiyanasiyana, pena Ntara pena Nthara, pena Yosia pena Josiah. Kusiyanaku kukutikumbutsa nthaŵi imene chilembo cha h sichinkalembedwa nthaŵi zonse pambuyo pa nt, monga momwe zilili mu dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892.

A Ntara anabadwa pa 24 Seputembala 1905, patapita zaka 16 kuchokera pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, anakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889. Anaphunzira m'sukulu za mishoniyi, naphunzira uphunzitsi ku Nkhoma, kumene likulu la mishoni linasamukira kuchokera ku Mvera. Pambuyo pake anaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za mishoni yomweyo.

Sukulu za kumidzi za masiku amenewo zinali zosoŵa zipangizo. Mwana ankayamba ndi tchati cha zilembo, naloŵeza a, e, i, o, u, kenaka nkumalumikiza maphatikizo kuti apange mawu. Ankalemba pansi ndi chala kapena pa sileti. Popeza kalembedwe ka Chinyanja kamatsata kwambiri katchulidwe, mwana wakhama sankachedwa kudziŵa kuŵerenga. Vuto linkadza pambuyo pake, chifukwa wodziŵa kuŵerengayo analibe zambiri zoti aŵerenge. Kunali katekisma, buku la Nyimbo za Mulungu, nyuzi ya mishoni yotchedwa Mthenga imene inayamba kutuluka mu 1909, ndi Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lathunthu mu 1922 motsogozedwa ndi William H. Murray. Nkhani zaitali zonena za moyo wa pamudzi, zolembedwa ndi eni chinenero, zinali zosoŵa. Mphunzitsi aliyense ankadziŵa kuti luso la kuŵerenga limazilala ngati mwana wachoka pasukulu wopanda buku lomukoka mtima.

Vutoli silinali la Nyasaland yokha. Ku Morija, ku Lesotho, makina a mishoni anali atatulutsa kale Moeti oa Bochabela mu 1907 ndi Chaka mu 1925, mabuku a Thomas Mofolo, ndipo ku Lovedale kunkakonzedwa mabuku a Chixhosa oŵerenga m'kalasi. Ku Nyasaland, kafukufuku wa bungwe la Phelps-Stokes wa mu 1924 anatsatidwa ndi kukhazikitsidwa kwa dipatimenti ya boma yoona za maphunziro mu 1926, ndi sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes ku Domasi mu 1929. Chaka chomwecho cha 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, limene linayamba kuchititsa mipikisano ya zolemba za m'zinenero za mu Afirika pofuna kuchulukitsa mabuku otere.

Mumpikisano umenewu ndi momwe dzina la a Ntara linamvekera kunja. Buku lawo la Nthondo linapata mphotho, ndipo linasindikizidwa mu 1933. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda: ubwana wake, kupulupudza ndi kuba kwake, ulendo wake wokafuna ntchito kunja kwa dziko, kuloŵa kwake ufumu, ndi kutembenuka kwake mtima. Thomas Cullen Young, amene anakhalapo mmishoni ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi, ndipo linatuluka ku London mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa, mawu oyamba atalembedwa ndi Julian Huxley. Kwa oŵerenga a ku Ulaya bukuli linali ngati zenera loonera miyambo ya Acheŵa. Kwa mwana wa ku Dowa, ku Dedza kapena ku Lilongwe linali chinthu chinanso: ankapeza pa pepala mudzi wonga wakwawo, milandu ya pabwalo, maliro ndi malankhulidwe a akuluakulu amene ankawamva tsiku ndi tsiku.

Pakati pa zaka za m'ma 1940 kunatuluka Mbiri ya Acheŵa, imene inasindikizidwa ku Nkhoma ndipo inatulukanso mu 1965. A Ntara anasonkhanitsa m'bukuli zimene akuluakulu ndi mafumu ankakumbukira: chiyambi cha mtundu, mafuko a Phiri ndi Banda, ufumu wa Kalonga ndi wa Undi, ndi kufika kwa Angoni. Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden, litamasuliridwa ndi W.S. Kamphandira Jere, ndemanga zitalembedwa ndi Harry W. Langworthy, mkonzi ali Beatrix Heintze. Pano pali phunziro kwa ofufuza. Buku limene linachokera pakamwa pa akuluakulu litaloŵa m'sukulu linabwereranso kumidzi kudzera mwa ana ndi aphunzitsi, kotero kuti wofufuza wa pambuyo pake, pofunsa mkulu wa pamudzi za makolo, ayenera kusamala kuti zimene akumva sizichokera m'buku lomwelo.

Mu 1949 kunatuluka Nchowa, nkhani ya moyo wa mkazi. Chaka chomwecho Cullen Young anatulutsa Headman's Enterprise, kumasulira kwa mbiri imene a Ntara analemba ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, imene inatchuka chifukwa cha ulimi ndi malonda ndipo inamwalira mu 1926. Mu 1964 anatulutsa mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa oyamba achikuda a ku Nkhoma, ndiponso Mawu Okuluŵika m'Chinyanja, buku lothandiza mphunzitsi ndi wophunzira kumva mawu obisika tanthauzo. Tikawaika pamodzi mabukuŵa tikuona kuti akukwaniritsa zosoŵa zingapo za m'kalasi: nkhani zoŵerenga, mbiri yakale, zitsanzo za makhalidwe, ndi kuzama kwa chinenero.

Pali mfundo ziŵiri zimene akatswiri sayenera kuzilambalala. Yoyamba ndi ya ufulu wa mlembi. Makina osindikizira anali a mishoni, ogula ambiri anali sukulu za mishoni, ndipo zimene zinkasindikizidwa zinkayenera kugwirizana ndi chiphunzitso cha mpingo. Nchifukwa chake Nthondo akutsiriza moyo wake ali Mkhristu, ndipo miyambo ina ikuonetsedwa ngati yoyenera kusiyidwa. Komabe a Ntara anali Mkhristu ndi mtima wonse, ndipo si chilungamo kunena kuti ankangolemba zokondweretsa amishoni. Kusamala kumene anafotokozera moyo wa pamudzi kukusonyeza munthu amene sankafuna kuti ana a sukulu anyoze kwawo.

Mfundo yachiŵiri ndi ya chinenero chimene. A Ntara analemba m'malankhulidwe a chigawo chapakati, m'kalembedwe ka nthaŵi yawo kamene kankaika c pamene malamulo a pambuyo pake anaika ch. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti dzina la Chinyanja lisinthe likhale Chicheŵa, ndi kuti chikhale chinenero cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Bungwe la Chicheŵa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake oyamba a kalembedwe anatuluka mu 1973. Pofika nthaŵi imeneyo mibadwo ingapo ya aphunzitsi inali itazoloŵera kale Chicheŵa cha m'mabuku a ku Nkhoma, ndipo ichi chinathandiza kuti malankhulidwe a chigawo chapakati akhale muyeso wa Chicheŵa cholembedwa, pamene Chimang'anja cha m'mabuku oyambirira a ku Blantyre chinatsalira m'mbuyo. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja linapitirira.

Bridglal Pachai analemba za moyo ndi ntchito ya a Ntara mu Society of Malawi Journal mu 1968, eni ake akali moyo. Anamwalira mu 1976. Ntchito imene yatsalira akatswiri a zinenero ndiyo kuyerekeza Nthondo wa mu 1933 ndi makope osindikizidwa pambuyo pake, kuona mawu amene anasinthidwa ndi amene anasiyidwa, ndiponso kuika Chicheŵa cha a Ntara pambali pa kumasulira kwa Cullen Young. M'kuyerekeza kotereku mungapezeke umboni wa momwe Chicheŵa cha m'kalasi chinaumbidwira m'zaka zimene a Ntara anakhala akulemba.