Alex Haley Afunafuna Makolo Ake

Tikambirane

1. Kodi ambuya anu dzina lao ndani?
2. Nanga makolo a ambuya anu anali kukhala kuti?
3. Ndani amakuuzani nkhani zakale kunyumba kwanu?

Werengani nkhani iyi.

Pakhonde pa ambuya

Alex Haley anabadwa pa 11 Ogasiti 1921 mumzinda wa Ithaca, ku America. Atate ake anali a Simon Haley. Iwo anali kuphunzitsa zaulimi. Amai ake anali a Bertha.

Alex akali khanda, makolo ake anapita naye ku Henning. Henning ndi tauni yaing'ono m'cigawo ca Tennessee. Kumeneko ndiko kunali ambuya ake, a Will Palmer ndi a Cynthia Palmer. Alex anakulira m'nyumba yao.

Nyumbayo inali ndi khonde lalikulu. Nyengo yotentha ikafika, abale ao a ambuya Cynthia anali kubwera kudzaceza. Madzulo akatha kudya, azimai okalambawa anali kukhala pakhonde ndi kuyamba kukamba zakale. Alex anali kukhala pansi, kumbuyo kwa mpando wa ambuya ake. Anali kungoti zii, khutu lili chelu.

Munthu wocokera ku Africa

Panali nkhani imodzi imene ambuya sanali kulema nayo. Inali nkhani ya kholo lao loyamba kufika ku America.

Ambuya anali kukamba kuti munthuyo anabadwira ku Africa. Tsiku lina anapita kuthengo kukadula mtengo wosemera ng'oma. Kumeneko anthu ogwira akapolo anamugwira. Anamumanga ndi unyolo ndi kumukweza m'sitima ya pamadzi. Kwao sanabwerereko.

Ku America anamugulitsa kwa mwini munda wina. Mwini mundayo anamupatsa dzina lakuti Toby. Koma iye analikana dzinalo. Anali kuuza anzake kuti dzina lake ndi Kinte. Anathawa kanai konse, koma nthawi zonse anali kumugwira. Ulendo womaliza anamudula mbali ya phazi kuti asathawenso.

Kinte anabala mwana wamkazi, dzina lake Kizzy. Anali kumuphunzitsa mau a kwao. Akaloza gitala anali kuichula kuti ko. Akaloza mtsinje anali kuuchula kuti Kamby Bolongo. Kizzy anasunga mauwo mumtima.

Kizzy anauza mwana wake George. George anauza mwana wake Tom, amene anali wosula zitsulo. Tom anauza mwana wake Cynthia. Cynthia ameneyu ndiye ambuya ake a Alex. Mwaona mmene mauwo anayendera? Analibe buku. Anayenda pakamwa cabe, kucoka kwa kholo kupita kwa mwana.

Ambuya anali kukambanso za ulendo wa ku Henning. Ukapolo unatha ku America mu 1865. Pambuyo pake George ndi ana ake anakweza katundu wao m'ngolo. Anacoka ku North Carolina ndi kuyenda masiku ambiri. Atafika ku Henning anadula mitengo, anamanga nyumba ndi kutsegula minda. Anali pakati pa mabanja oyamba a anthu akuda omasuka kukhazikika kumeneko. Nthawi imeneyo ambuya Cynthia anali kamwana.

Alex aphunzira kulemba

Amai ake a Alex anamwalira iye ali ndi zaka 10. Mu 1939 analowa gulu la asilikali a pamadzi amene amalonda magombe a America. Nchito yake yoyamba inali yopereka cakudya ndi kutsuka mbale m'sitima.

Maulendo a panyanja anali atali. Usiku Alex anali kulemba makalata ambiri. Anzake ataona kuti adziwa kulemba bwino, anayamba kumupempha kuti aziwalembera makalata opita kwa atsikana amene anali kuwakonda.

Kenaka anayamba kulemba nthano ndi kuzitumiza kwa osindikiza magazini. Kwa zaka zingapo iwo anali kungozibweza. Alex sanaleke. Anapitiriza kulemba mpaka nkhani zake zinayamba kulandiridwa.

Mu 1959 anasiya usilikali atagwira nchito zaka 20. Tsopano kulemba ndiko kunakhala nchito yake. Mu 1965 anatulutsa buku la moyo wa Malcolm X, mtsogoleri wochuka wa anthu akuda ku America.

Mwala wa ku London

Tsiku lina Alex anapita ku London. Analowa m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale, yochedwa British Museum. Mmenemo anaona mwala wa Rosetta, wocokera ku Egypt. Pamwalapo pali uthenga umodzi wolembedwa m'zilembo za mitundu itatu. Akatswiri anali kudziwa kuwerenga mtundu umodzi. Zilembo zimene anali kuzidziwa zinawathandiza kuwerenga zimene sanali kuzidziwa.

Alex anakumbukira mau aja a pakhonde. Ko. Kamby Bolongo. Kinte. Anaganiza kuti akadziwa cinenero ca mauwo, adzadziwanso kumene kholo lake linacokera.

Koma panali vuto. Ambuya Cynthia anali atamwalira kale. Mwa azimai onse aja a pakhonde, anatsala mmodzi cabe, a Georgia, amene anali kukhala ku Kansas City. Naonso anali atakalamba kwambiri. Alex anathamangira kukawaona. Iwo anamuuzanso nkhani yonse ndi kumulimbikitsa kuti afufuze.

Maina m'mapepala akale

Alex anapita ku Washington, kunyumba yosungiramo mapepala akale a boma. Anapempha mapepala a kalembera wa anthu wa mu 1870.

N'cifukwa ciani anasankha caka cimeneci? Kale-kale, polemba kalembera, akapolo sanali kulembedwa maina. Anali kungolemba zaka zao ndi dzina la mwini wao. Kalembera wa mu 1870 ndiye anali woyamba kucitika ukapolo utatha. Apa ndipo anthu akuda ambiri analembedwa maina ao kwa nthawi yoyamba.

Alex anawerenga maina ambiri-mbiri mpaka maso anayamba kuwawa. Mwadzidzidzi anaona dzina lakuti Tom Murray, wosula zitsulo. Pansi pake panali dzina la mkazi wake, Irene. Panalinso maina a ana ao. Anali maina omwe aja amene anali kuwamva pakhonde! Mtima wake unagunda kwambiri. Anthu a m'nkhani za ambuya analikodi.

Ulendo wa ku Gambia

Tsopano kunatsala mau aja. Alex anafunsa anthu ambiri a ku Africa, koma sanawazindikire. Pomaliza anakumana ndi a Jan Vansina, katswiri wa mbiri ya Africa. Iwo anamuuza kuti mauwo aoneka kuti ndi a cinenero ca Mandinka. M'cinenero cimeneci bolongo ndi mtsinje. Conco Kamby Bolongo ungakhale mtsinje wa Gambia. Ndipo ko angakhale kora, coimbira ca zingwe 21.

Mu 1967 Alex anakwera ndeke kupita ku Gambia, kumadzulo kwa Africa. Kumeneko kuli anthu amene nchito yao ndi kusunga mbiri ya mabanja pamtima. Amachedwa griot.

Alex anayenda pabwato mumtsinje wa Gambia mpaka pamudzi wa Juffure. Anakumana ndi mkulu wina, a Kebba Kanji Fofana. Mkuluyo anayamba kuchula makolo a banja la Kinte, mmodzi-mmodzi. Womasulira anali kumasulira m'Cizungu. Patapita nthawi yaitali, anafika pa mnyamata wochedwa Kunta. Anati mnyamatayo anapita kukadula mtengo ndipo sanaonekenso.

Alex anauma thupi. Anatulutsa kabuku kake mmene analemba nkhani ya ambuya, ndi kuonetsa womasulira. Anthu a m'mudzimo atamva, anamuzungulira ndi kuyamba kuvina. Anamulandira ngati m'bale wao amene anasocera. Pobwerera, Alex analira.

Sitima ya akapolo

Alex sanalekere pamenepo. Anabwerera ku London kukafufuza mapepala a masitima akale. Anapeza sitima yochedwa Lord Ligonier. Sitimayo inacoka mumtsinje wa Gambia mu 1767. Inafika padoko la Annapolis, ku America, pa 29 Sepitembala caka comweco. Inatsitsa anthu a ku Africa 98. Ena ambiri anafera panyanja. Alex anakhulupirira kuti Kunta Kinte anali mmodzi wa amene anafika amoyo.

Pa 29 Sepitembala 1967, Alex anakaimirira padoko lomwelo. Panali patapita zaka 200 ndendende.

Buku la mizu

Nchito yofufuza ndi kulemba inamutengera zaka 12. Mu 1976 buku lake linatuluka. Analicha Roots, kutanthauza mizu. Mtengo umaima cifukwa ca mizu yake. Nayenso munthu ali ndi mizu, ndiwo makolo ake.

Anthu anagula bukulo kwambiri, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Mu Januwale 1977 nkhaniyi inaonetsedwa pa TV kwa masiku 8 otsatizana. Anthu oposa 100 miliyoni anaonerera. Caka comweco Alex analandira mphoto yaikulu yochedwa Pulitzer.

Anthu ambiri, akuda ndi oyera omwe, anayamba kufunsa ambuya ao za kale. Ena anapita kukafufuza maina a makolo ao m'mapepala akale.

Pamene Alex analakwitsa

Alex anali munthu ngati ife, ndipo analakwitsa zina. Akatswiri ena anawerenganso mapepala akale aja. Anapeza kuti zaka zina sizinagwirizane ndi zimene iye analemba. Mpaka lero ena amakaika ngati Kunta wa ku Juffure ndiyedi Toby wa ku America. Alex mwini anavomera kuti zokambirana za anthu m'bukumo anazipeka yekha.

Panalinso mlandu wina. Mu 1978 wolemba mabuku wina, a Harold Courlander, anapita naye kukhoti. Alex anavomera kuti mau ena a m'buku la a Courlander analowa m'buku lake, ndipo analipira ndalama.

Tiphunzirapo ciani? Wofufuza mbiri asamve kwa munthu mmodzi cabe. Afunse anthu angapo ndi kuona ngati zimene akamba zigwirizana. Ndiponso kukopera nchito ya mnzako ndi kuicha yako si bwino.

Abwerera pakhonde

Alex Haley anamwalira pa 10 Febuluwale 1992 mumzinda wa Seattle, ali ndi zaka 70. Anamuika m'manda kutsogolo kwa nyumba ya ambuya ake ku Henning, pafupi ndi khonde lija. Lero anthu amapita kukaona nyumbayo. Padoko la Annapolis pali cifanizo cake, ali kuwerengera ana atatu buku. Ku Gambia, cisumbu cina ca mumtsinje uja anacipatsa dzina la Kunta Kinteh mu 2011.

Akulu amati mau a akulu akoma akagonera. Alex anamva nkhani za ambuya ali mwana, koma phindu lake analiona atakula.

Nafenso muno mu Zambia tili ndi mizu. Angoni anacokera kum'mwera ndipo anaoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835. Acewa amakamba kuti makolo ao anacokera ku Congo. Mabanja ambiri a ku Lusaka ndi ku Kopala ali ndi midzi kumene anacokera. Ciwongo canu, kaya ndinu a Phiri, a Banda, a Jere kapena a Tembo, cingakulondolereni kwa makolo anu. Ngati ambuya anu akali moyo, khalani nao pafupi. Afunseni lero, ndipo mulembe zimene akuuzeni.

Mau atsopano

kholo: munthu amene anatibala, kapena amene anabala makolo athu
kapolo: munthu wogwidwa ndi kugulitsidwa kuti azigwira nchito mosalipidwa
kalembera: kuwerenga ndi kulemba anthu onse a m'dziko
kufufuza: kufunafuna zoona za cinthu mosamala
doko: malo amene sitima za pamadzi zimaima
cisumbu: mtunda wozunguliridwa ndi madzi

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Alex Haley anabadwa liti?
2. Ndani anali kumuuza nkhani zakale pakhonde?
3. Kodi Kinte anapita kukacita ciani kuthengo tsiku limene anagwidwa?
4. N'cifukwa ciani Kinte anakana dzina lakuti Toby?
5. Lembani maina awa motsatira mmene anabadwira: Tom, Alex, Kizzy, Cynthia, Kinte, Bertha, George.
6. N'cifukwa ciani Alex anapempha mapepala a kalembera wa mu 1870?
7. Kodi griot amagwira nchito yanji?
8. Chulani cinthu cimodzi cimene Alex analakwitsa.

Zocita

1. Jambulani mtengo m'buku lanu. Lembani dzina lanu pathunthu. Lembani maina a amene amakusungani panthambi. Lembani maina a ambuya anu kumizu.
2. Funsani munthu wamkulu kunyumba kumene banja lanu linacokera. Mufunsenso wina wamkulu funso lomwelo. Kodi mayankho ao agwirizana?
3. Uzani anzanu m'kalasi zimene mwapeza.