SIR ARTHUR LEWIS, WOFUFUZA GWERO LA UMPHAWI

Arthur Lewis adabadwa pa 23 January 1915 ku Castries, pa chilumba cha St Lucia ku West Indies. Makolo ache onse awiri adali aphunzitsi. Atate ache adamwalira iye ali ndi zaka 7, ndipo amai ache adalera okha ana amuna asanu. Mnyamatayo adatsiriza sukulu ali ndi zaka 14, nalowa nchito ya ukalaliki. Mtima wache udali pa uinjiniya, koma masiku amenewo Boma, ngakhale eni minda ya nzimbe, sakadalemba munthu wakuda pa nchito yotere. Chotero mu 1933 adapita ku London School of Economics, kumene adaphunzira za chuma, ndipo pofika 1948 adali profesa ku Manchester.

Funso lidamsowetsa tulo: bwanji malipiro a anchito a m'maiko osauka sakwera, chuma cha dziko chili kukula? Yankho lidamdzera mu 1952 ali kuyenda mumseu wa ku Bangkok, nalisindikiza mu 1954. M'midzi ya maiko otere anthu achuluka koposa nchito ya m'munda. Mwini fakitale akaitana anchito, amadza miyandamiyanda. Iye angowonjezera pang'ono pa chimene munthu apeza ndi khasu. Phindu limatsala kwa mwiniyo. Akamangira phindulo mafakitale ena, dziko limakula kufikira otsala kumudzi achepa, ndipo pomwepo malipiro amayamba kukwera. Tsono malipiro a m'tauni amatsata nkhokwe ya kumudzi.

Nchifukwa chache mu 1953, atafunsidwa za mafakitale a ku Gold Coast, adalangiza kuti choyamba alimi azikolola chakudya chochuluka. Dzikolo litalandira ufulu mu 1957 ndi kutchedwa Ghana, Lewis adakhala mlangizi wa Kwame Nkrumah. Koma sadamvane: mlangizi adakana kuti ndalama za dziko zimwazike pa zinthu zongokometsa dzina, pamene mtsogoleri adaika ndale patsogolo. Pakutha pa 1958 Lewis adachoka, posafuna kuvomereza chimene adachiona kuti nkulakwa.

Pambuyo pache adatsogolera University of the West Indies, naphunzitsa ku Princeton kuyambira 1963. Mu 1979 adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Theodore Schultz. Adamwalira ku Barbados pa 15 June 1991, naikidwa kwao ku St Lucia, pa bwalo la koleji yotchedwa dzina lache.