Lorraine Hansberry: mtsikana amene anasandutsa mavuto akwawo kukhala sewero

Ulendo uno pa mbiri ya anthu otchuka tikambe za Lorraine Hansberry wa ku America, mlembi wa sewero la A Raisin in the Sun. Mwiniwake anapita kalekale, koma sewerolo likungobwererabe pasiteji.

Lorraine anabadwa pa 19 Meyi 1930 mumzinda wa Chicago. Nthawi imeneyo azungu a m'madera ena ankapangana kuti asagulitse nyumba kwa munthu wakuda. Bambo ake, a Carl Hansberry, sanaope: anagula nyumba m'dera lotero, banja n'kusamukira komweko, Lorraine asanakwane n'komwe zaka 10. Chigulu cha azungu chinazungulira nyumbayo, wina n'kuponya chimwala pawindo, pang'onong'ono chimuvulaze mwanayo. Mlandu unakafika kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1940 a Hansberry anawina.

Atamaliza sekondale analowa yunivesite ya Wisconsin koma anasiyira panjira. Mu 1950 anapita ku New York, komwe anadzagwira ntchito kunyuzipepala ya Freedom ya woimba Paul Robeson. Mumzinda womwewo ndi m'mene analemba sewero lake.

Nkhani yake ili chonchi. Bambo a banja la Younger amwalira, ndipo kukubwera ndalama ya inshuwalansi, madola 10,000. Mayi Lena akufuna nyumba, poti banja lonse lapanikizana m'kanyumba ka lendi. Mwana wawo Walter, yemwe ndi dalaivala wa mzungu, akufuna kutsegula shopu ya mowa. Mchemwali wake Beneatha akufuna fizi ya udokotala. Mayi alipirako nyumba kudera la azungu, yotsalayo apatsa Walter kuti asungeko ya mlongo wakeyo. Iye aipereka yonse kwa mnzake wa bizinesi, mnzakeyo n'kuthawa nayo. Ndiye pali mzungu amene akuti awapatsa ndalama, bola asasamukire kumeneko. Tangoganizani, m'thumba mulibe kalikonse, ndalama ili patebulo. Walter atsala pang'ono kuvomera, koma pamaso pa mwana wake akana, ndipo banja lisamuka ndithu.

Sewerolo linayamba pa 11 Malichi 1959 ku Ethel Barrymore Theatre, Sidney Poitier akusewera Walter. Linali loyamba lolembedwa ndi mayi wakuda kuonetsedwa pa Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, ndipo linaseweredwa ka 530.

Tsoka ilo, Lorraine sanakhalitse. Khansa inamutenga pa 12 Januwale 1965 ali ndi zaka 34 zokha. Koma mu 2004 sewero lija linabwerera pa Broadway, ndipo Phylicia Rashad, amene anasewera Lena, anakhala mayi wakuda woyamba kulandira mphoto ya Tony pa gawo lotsogolera la amayi m'sewero. Mu 2014 linabweranso munyumba yomwe ija ya Barrymore, Denzel Washington ali Walter.

N'chifukwa chiyani silikalamba? Ine ndikuona kuti Lorraine sanakafune nkhani kutali. Anatenga za pakhomo pawo n'kuphatikiza ndi mkangano wa chuma cha masiye, umene ambirife tinauonapo ndi maso. Ndiye anzanga amene mumati mulibe cholemba, tayambani mwamvetsera zimene zikukambidwa kwanu madzulo ano.