Vivien Thomas, Mmisiri Wopulumutsa Ana Odwala Mtima

Vivien Thomas adabadwa pa 29 Ogasiti 1910 m'chigawo cha Louisiana ku America, koma adakulira mumzinda wa Nashville. Iye adali munthu wakuda, mdzukulu wa kapolo. Atate ake adali mmisiri wa matabwa, ndipo adamphunzitsa ntchitoyo akali mnyamata.

Thomas ankafunitsitsa kukhala dokotala, choncho ankasunga ndalama za sukulu ku banki. Mu 1929 chuma cha dziko la America chidasokonezeka, ntchito ya matabwa nkusoŵa. Mu 1930 adalembedwa ntchito yothandiza dokotala wa opaleshoni dzina lake Alfred Blalock. Chaka chomwecho banki ija idatsekedwa, ndipo ndalama zake zidapita. Maganizo a sukulu adathera pomwepo. Komabe manja amene adazoloŵera kupala matabwa sadachedwe kuphunzira kudula ndi kusoka mitsempha ya magazi. Mu 1941 aŵiriŵa adasamukira ku chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore.

Pachipatalapo padali dokotala wa ana, mayi Helen Taussig, amene ankavutika maganizo ndi ana obadwa ndi mtima wolumala. Ntchito ya mtima ndi kupopa magazi kupita ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino, kenaka nkuwatumiza m'thupi lonse. Koma mwa ana ameneŵa njira yopita ku mapapo idali yopapatiza, ndiponso padali chiboo pakati pa zipinda za mtima. Motero magazi ankayenda m'thupi opanda mpweya wokwanira. Milomo ndi zikhadabo zawo zinkabiriŵira. Akayenda pang'ono ankapuma mwaŵefuŵefu nkunjuta pansi. Ambiri ankamwalira asanakule.

Mu 1943 mayi Taussig adapempha Blalock kuti apeze njira yoti magazi ambiri azifika ku mapapo. Ntchito yofufuza njirayo idagwera Thomas. Iye adayesa opaleshoniyo pa agalu pafupifupi 200. Ankatenga mtsempha wopita kudzanja nkuulumikiza ku mtsempha wopita ku mapapo. Popeza mitsempha ya mwana ndi yaing'ono kwambiri, adasula yekha singano ndi zida zina zoyenera.

Pa 29 Novembala 1944 Blalock adachita opaleshoniyi koyamba pa mwana wamkazi wa miyezi 15. Thomas adaima pa kampando kumbuyo kwake, namamuuza podula ndi posoka. Mwanayo adatuluka m'chipatala, ngakhale kuti adadzamwalira patapita miyezi ingapo. Ana ena otsatira adapeza bwino, nayamba kuyenda ndi kuseŵera. Mbiri itawanda, makolo ochokera kutali adayamba kubwera ndi ana awo ku Baltimore.

Masiku amenewo ku America kudali tsankho. Madokotala aja atalemba za opaleshoniyi mu 1945, dzina la Thomas silidatchulidwe. Malipiro akenso adali ochepa kwa zaka zambiri. Iye sadataye mtima, koma adapitiriza kuphunzitsa madokotala achinyamata luso la opaleshoni. Paja akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiŵa. Mu 1971 madokotala amene adawaphunzitsa adapereka chithunzi chake kuti chipachikidwe pachipatalapo, ndipo mu 1976 yunivesite ya Johns Hopkins idampatsa digiri yaulemu. Thomas adamwalira pa 26 Novembala 1985 ali ndi zaka 75.

Ana obadwa ndi mtima wolumala amapezeka m'maiko onse. Muno m'Malaŵi alipo, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Nthendayi si yopatsirana, ndiponso si ya ufiti. Khanda likamatopa msanga poyamwa, likamalephera kukula bwino, kapena lilime ndi milomo yake zikamabiriŵira, makolo ayenera kupita nalo ku chipatala msanga. Lero madokotala amatha kukonza mitima ya ana ambiri otere, ndipo opaleshoni imene Thomas adaivutikira ikugwirabe ntchito.

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani Thomas sadaphunzire udokotala?
2. Fotokozani ntchito ya mtima m'thupi.
3. Kodi Thomas adachita chiyani pa 29 Novembala 1944?
4. Tchulani zizindikiro zitatu za mwana wobadwa ndi mtima wolumala.