Antonie van Leeuwenhoek (1632–1723): Wogulitsa Nsalu Amene Anayamba Kuona Mabakiteriya

Ubwana ndi banja

A Antonie van Leeuwenhoek anabadwa pa 24 October, 1632, mu mzinda wa Delft, m'dziko la Netherlands, ndipo anabatizidwa mu mpingo wa Reformed wa mumzindamo. Bambo ao, amene anali mmisiri woluka madengu, anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu. Maphunziro ao sanapite patali. Pa yunivesite sanapondepo, ndipo Chilatini, chinenero chimene anthu ophunzira a masiku amenewo ankalemberana, sanachidziŵe. Atakwana zaka 16 anapita ku Amsterdam kukaphunzira malonda a nsalu. M'chaka cha 1654 anabwerera kwao, natsegula sitolo, nakwatira Barbara de Mey. Mwa ana asanu amene anabadwa m'banjamo, anayi anamwalira ali makanda, natsala Maria yekha. Mai Barbara anamwalira mu 1666, ndipo mu 1671 bamboyo anakwatira Cornelia Swalmius, mwana wa mbusa. Kuyambira mu 1660 analinso pa ntchito yosamalira chipinda chimene oweruza milandu a mumzindamo ankakumaniramo.

Magalasi ao

Ogulitsa nsalu a nthaŵi imeneyo ankaŵerenga ulusi wa nsalu ndi galasi lokuza zinthu, kuti adziŵe ngati nsaluyo ndi yabwino. A Leeuwenhoek anaphunzira kudzipangira okha magalasi otere, ang'ono ngati kambeu ka mapira. Kagalasiko ankakapanikiza pakati pa tizitsulo tiŵiri taphanthiphanthi, ndipo chinthu chofuna kuona ankachiika pa nsonga ya singano. Pa moyo wao anapanga magalasi oposa 500. Mwa amene alipobe, lamphamvu kwambiri limakuza chinthu pafupifupi ka 270. Mu 1673 sing'anga wa ku Delft, Reinier de Graaf, anaŵadziŵitsa ku bungwe la akatswiri la Royal Society ku London, ndipo kuyambira pamenepo analembera bungwelo makalata m'Chidatchi kwa zaka 50.

Tinyama tosaoneka ndi maso

Mu 1674 anatunga madzi m'nyanja yaing'ono ya Berkelse Meer, naonamo tamoyo tambirimbiri tikusambira. Anatitcha tinyama tating'ono, popeza dzina lina panalibe. Patapita zaka ziŵiri, pofuna kudziŵa chimene chimachititsa tsabola kuŵaŵa pa lilime, anaviika tsabola m'madzi kwa masabata angapo. Chimene ankafunacho sanachipeze, koma m'madzimo anaona tamoyo tina tochepetsetsa kuposa tonse timene anaonapo kale. Kalata yao ya pa 9 October, 1676, yofotokoza zimenezi, ndiyo imaŵerengedwa ngati umboni woyamba wa munthu amene anaona mabakiteriya.

Ku London ambiri anakayika. Munthu wosaphunzira, wogulitsa nsalu, ankanena kuti m'dontho limodzi la madzi muli zamoyo zikwi zambiri, ndipo panalibe wina amene anali ataziona. Mbiri yao yonse inali pa chiswe. Iwo sanakalipe, ndiponso sanabweze mau ao. Anaitana anthu odalirika kuti adzaone okha, ndipo mu 1677 anatumiza ku London makalata a mboni zisanu ndi zitatu, mwa izo muli abusa a mipingo. M'mwezi wa November chaka chomwecho Robert Hooke anaviika tsabola wake, naonetsa tinyamato pamaso pa bungwe lonse. Mu 1680 a Leeuwenhoek anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society.

Kalata imene imakumbukika koposa ndi ya pa 17 September, 1683. Anapala zoyera zimene zimakanirira pakati pa mano, za m'kamwa mwao ndi za anthu ena, kuphatikizapo nkhalamba zimene zinali zisanatsukepo mano chibadwire. Zimene anaona anazijambulitsa: tina tonga ndodo, tina tobulungira, tina topotana. Analongosolanso mayendedwe ake, kuti kena kankathamanga ngati nsomba, kena kankazungulira pamalo amodzi. Anatsuka m'kamwa ndi vinyo wosasa, napeza kuti tofa tinali ta pamwamba pokha, ta m'kati tili moyo. M'makalata ao ankasiyanitsa mosamala chimene anachiona ndi chimene ankangochiganizira. Anatsutsa chiphunzitso chofala cha nthaŵiyo chakuti tizilombo timangobuka tokha m'zinthu zowola, naonetsa kuti nthata ndi anankafumbwe amaswa kuchokera ku mazira a makolo ao. Pa zonsezi iwo ankaona nzeru ya Mlengi, imene sichepa m'chinthu chaching'ono.

Imfa yao

Anagwirabe ntchito mpaka ukalamba, mwana wao Maria akuŵasamalira. Ali pa mphasa ya imfa anapempha kuti makalata ao aŵiri omaliza atumizidwe ku London. Anamwalira pa 26 August, 1723, ali ndi zaka 90, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha Oude Kerk ku Delft. Mbusa wa mumzindamo, Petrus Gribius, ndiye analembera Royal Society za malirowo. Maria anatumiza ku bungwelo magalasi 26 amene bambo ake analisiyira.

Ntchito imene anasiyira ena

A Leeuwenhoek anaona ndi kufotokoza, koma kutcha maina ndi kugaŵa tamoyoto m'mafuko kunatenga mibadwo yambiri. Carl Linnaeus, amene anakonza dongosolo la maina a zomera ndi nyama, anatiunjika tambiri pansi pa dzina lakuti Chaos, ndiko kuti chisokonezo. Dzina lakuti Bacterium, lochokera ku mau a Chigriki otanthauza kandodo, analiyambitsa Christian Ehrenberg mu 1828. Mu 1872 Ferdinand Cohn anagaŵa mabakiteriya m'magulu anayi potsata maonekedwe, njira yomwe ija ya zithunzi za 1683. Mu 1884 Hans Christian Gram anapeza utoto umene umaŵalekanitsa m'magulu aŵiri, ndipo zipatala zikuugwiritsabe ntchito. Mu 1923, zaka 200 chimwalirire a Leeuwenhoek, linatuluka buku la Bergey lothandiza kuzindikira mitundu ya mabakiteriya.

Komabe maonekedwe amanyenga, pakuti tamoyo tiŵiri tingafanane ngati mapasa koma tili ta mafuko otalikirana. Mu 1977 Carl Woese ndi George Fox, a pa yunivesite ya Illinois ku America, anayerekeza RNA ya m'maselo a tamoyo tosiyanasiyana, monga momwe munthu amalondolera chibale poyang'ana m'kaundula wa makolo. Anapeza kuti tamoyo topanga mpweya wa methane, tonga timene timakhala m'mimba mwa ng'ombe ndi m'matope a m'madambo, si mabakiteriya konse ai. Woese nayenso anakumana ndi okayika kwa zaka zambiri. Mu 1990 iye ndi anzake anagaŵa zamoyo zonse m'mafuko akulu atatu: Bacteria, Archaea ndi Eucarya, fuko lachitatuli ndilo la zomera, bowa, nyama ndi anthu.

Kafukufukuyu akupitirirabe. Mu 2015 akatswiri anaŵerenga DNA ya m'matope a pansi pa nyanja pakati pa Greenland ndi Norway, napeza gulu la archaea, Lokiarchaeota, limene lili ndi zizindikiro zina zofanana ndi za maselo a fuko lachitatu lija. Mu 2020 akatswiri a ku Japan analengeza kuti akwanitsa kuŵeta kamoyo ka gulu lomwelo, atalimbikira zaka pafupifupi 12. Popeza mitundu yochuluka imakana kuŵetedwa, mu 2022 kunakhazikitsidwa malamulo a SeqCode, olola kutcha kamoyo dzina potsata DNA yake yokha. M'kamwa mwa munthu, mmene a Leeuwenhoek anajambulamo mitundu yoŵerengeka, tsopano mukudziŵika mitundu ya mabakiteriya pafupifupi 700, pamodzi ndi archaea oŵerengeka.

Zipangizo zasintha, koma lamulo limene wogulitsa nsalu wa ku Delft anatsata lidakalipo: wonena kuti wapeza chamoyo chatsopano afotokoze chokhacho chimene waona, ndipo apereke umboni wake kuti ena auyese.