Mai Louisa Pratt ndi Ulendo wa ku Tubuai

Tengani mapu a dziko lonse lapansi ndipo mupeze nyanja yaikulu ya mchere yotchedwa Pacific. Chakumwera m'nyanjamo muli zilumba zambirimbiri zooneka ngati timadontho. Chimodzi mwa izo ndi Tahiti. Makilomita oposa 600 kumwera kwa Tahiti kuli kachilumba kena kotchedwa Tubuai, kamene mwina pa mapu anu sikadalembedwe n'komwe. M'chaka cha 1850 pa kachilumba kameneka padafika mai wina wa zaka 47 pamodzi ndi ana ake aakazi anai. Adachokera kutali ku America kutsatira mwamuna wake, amene adali mmishonale kumeneko. Dzina la maiyu lidali Louisa Barnes Pratt.

Louisa adabadwa pa 10 Novembala 1802 m'mudzi wa Warwick, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Ali wamng'ono, makolo ake adasamukira ku Canada ndipo iye adakulira komweko. Adaphunzira ntchito ziwiri, ya uphunzitsi ndi yosoka zovala. Muzikumbukire ntchito ziwirizi, pakuti ndizo zidadzamudyetsa iye ndi ana ake pa masiku ovuta.

M'chaka cha 1831 adakwatiwa ndi Bambo Addison Pratt. Bambowa pa unyamata wao adali mmalinyero wa zombo zosaka anamgumi, ndipo adakhalapo miyezi ingapo ku zilumba za Hawaii kumene adatolako chinenero cha anthu akumeneko. Banjali lidabereka ana anai, onse aakazi: Ellen, Frances, Lois ndi Ann. M'chaka cha 1838 awiriwa adalowa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amautcha wa Amormon. Mpingowu udali watsopano, pakuti udayambitsidwa ndi Joseph Smith m'chaka cha 1830. Patapita zaka zochepa a Pratt adasamukira ku mzinda wa Nauvoo, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi, kumene kudali likulu la mpingowo.

Atsogoleri a mpingo atamva kuti Bambo Pratt adayendapo pa nyanja ya Pacific, adawatuma kukalalikira ku zilumba pamodzi ndi amuna ena atatu. Adanyamuka m'chaka cha 1843. Chombo chao, chotchedwa Timoleon, chinkayenda ndi mphepo yokankha matanga. Chidazungulira kunsonga ya kumwera kwa Africa nichipitirira chakum'mawa, ndipo chidatha miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri pamadzi. Mmodzi mwa amishonalewo, Knowlton Hanks, adamwalira panjira naikidwa m'nyanja. Pa 30 Epulo 1844 chombo chidakocheza pa Tubuai. Anthu a pachilumbapo adawakonda Bambo Pratt nawapempha kuti atsale kuti aziwaphunzitsa. Popeza dzina lao lidali lovuta pa lilime la eni dziko, ankawaitana kuti Paraita.

Nanga Mai Pratt adatsala bwanji? Adatsala ndi ana anai, wamng'ono ali ndi zaka zitatu zokha, ndipo ndalama m'nyumba mudalibe. Adayambanso kuphunzitsa ndi kusoka kuti apeze chakudya. Makalata ochokera ku zilumba ankatenga miyezi yambiri, ena osafika konse. Kenaka zinthu zidaipa mu Nauvoo. Joseph Smith adaphedwa m'chaka cha 1844, ndipo m'chaka cha 1846 anthu a mpingowo adakakamizidwa kusiya nyumba zao ndi kuthawira kumadzulo. Mai Pratt adapeza ngolo ndi ng'ombe, nalongedza ana ndi katundu, nauyamba ulendo popanda mwamuna wowathandiza.

Adakaima pa malo otchedwa Winter Quarters, pafupi ndi mtsinje wa Missouri. Kumeneko kumazizira koopsa, ndipo anthu ankagona m'tinyumba ta mitengo ndi dothi. Ndiwo zamasamba ndi zipatso kudalibe. Thupi likasowa zakudya zimenezi kwa nthawi yaitali, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, mano nayamba kugwedera. Anthu ambiri adafa ndi nthenda imeneyi. Mai Pratt adadwala kwambiri ndipo mano ao akutsogolo adaguluka, koma adachira. M'chaka cha 1848 adapitiriza ulendo wa makilomita oposa 1,500 kudutsa zidikha ndi mapiri mpaka kukafika ku chigwa cha Salt Lake mu Seputembala.

Patangopita masiku owerengeka, Bambo Pratt nawo adatulukira m'chigwamo kuchokera mbali ya California. Padali patatha zaka zisanu banjali lisadaonane. Ann, amene adasiyidwa ali ndi zaka zitatu, tsopano adali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Koma chimwemwe chao chidali cha chaka chimodzi chokha, pakuti m'chaka cha 1849 Bambo Pratt adatumidwanso ku zilumba zija.

Ulendo uno Mai Pratt sadatsalire m'mbuyo nthawi yaitali. Mu Meyi 1850 adanyamuka ndi ana ao onse, pamodzi ndi mng'ono wao Caroline Crosby, mwamuna wake, ndi mabanja ena ochepa. Iwo adali m'gulu la akazi oyamba a mpingowo kutumidwa kunja kukagwira ntchito ya umishonale. Adayenda pa ngolo milungu yambiri kudutsa chipululu ndi mapiri ataliatali a Sierra Nevada. Nthawi imeneyo ku California kudali kutangopezeka golide, kotero kuti mzinda wa San Francisco udali wodzaza ndi anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, aliyense kufuna kulemera msanga. Pa doko la mzindawu adakwera chombo, ndipo atayenda pamadzi milungu isanu adafika ku Tubuai mu Okutobala.

Tangoganizani mmene mtima wa maiwo udawawira atamva kuti amuna ao padalibe pachilumbapo! Chilumba cha Tahiti chidali m'manja mwa boma la France kuyambira m'chaka cha 1842, ndipo akuluakulu a bomalo adawaletsa Bambo Pratt kuchoka ku Tahiti kufikira atafufuza bwino za ntchito yao. Mai Pratt adadikira miyezi ina itatu. Adaonana ndi amuna ao mu Januwale 1851.

Pamene ankadikira, adayamba kuchidziwa chilumbacho. Tubuai ndi yaing'ono ndithu; munthu wamphamvu angathe kuizungulira pansi tsiku limodzi. Pakati pake pali mapiri, lalitali koposa ndi la mamita oposa 400. Kunyanja, chapatali pang'ono ndi gombe, kuli mpanda wa matanthwe umene wazinga chilumba chonse. Matanthwe amenewa sadaikidwe ndi munthu. Amamangidwa pang'onopang'ono, kwa zaka zikwi zambiri, ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Mafunde aakulu amasweka pa mpandawo ndi mkokomo womveka usana ndi usiku, koma m'kati mwake madzi ndi odekha ndiponso oyera, mwakuti munthu ali m'bwato amaona nsomba zamawangamawanga pansi. Kwa munthu amene adagonapo ndi njala m'chisanu cha ku Winter Quarters, dziko lotere lidali lodabwitsa. Kudalibe chisanu choopsa chija. Kokonati, nthochi ndi zipatso zina zidali ponseponse. Chakudya chenicheni cha eni dziko chidali koko wolimidwa m'madambo, pamodzi ndi nsomba. Pophika ankakumba dzenje, kuikamo miyala yotentha, kukulunga chakudya m'masamba ndi kufotsera mpaka chipse.

Chilumbachi chili ndi mbiri yakenso. M'chaka cha 1789 amalinyero a chombo cha ku Britain chotchedwa Bounty, atagalukira mkulu wao, adafika pa Tubuai namanga linga kuti akhale pomwepo. Adakangana ndi eni dziko, anthu ambiri a pachilumbapo adaphedwa, ndipo amalinyerowo adachoka patangotha miyezi yochepa.

Mai Pratt sadapite ku Tubuai kukangoona malo. Adatsegula sukulu mothandizana ndi Caroline. Ankaphunzitsa ana kuwerenga, kulemba ndi kuimba, ndipo akazi ankawaphunzitsa kusoka ndi kuluka. Singano zolukira zitasowa, adagwiritsa ntchito timitengo ta pakati pa masamba a kokonati. Tisaganize kuti anthuwo adali osadziwa kanthu alendowa asadafike. Ankadziwa kusema mabwato, kuyenda pa nyanja yaikulu, ndi kupanga nsalu za makungwa a mitengo. Enanso ankawerenga kale Baibulo m'Chitahiti, chifukwa aphunzitsi a mpingo wina adafika pachilumbapo m'chaka cha 1822.

Vuto lalikulu la Mai Pratt lidali chinenero. Mphunzitsi amene adazolowera kulankhula momasuka pamaso pa ana, tsopano ankasowa mau ngati mwana wongoyamba kumene sukulu. Lilime la munthu wamkulu limachedwa kuzolowera mau achilendo. Ana ao ndiwo adachigwira msanga Chitahiti, makamaka Ellen, amene ankaima pambali pa amai ake pa misonkhano ya akazi ndi kumasulira zimene iwo ankanena. Vuto lina lidali lakale lomwe lija: amishonale adakhoma chombo chao pa Tubuai pomwepo, nachitcha Ravaai, ndipo chitangotha Bambo Pratt adayamba kuyendera zilumba zina. Mkazi amene adaoloka chipululu ndi nyanja kuti akhale ndi mwamuna wake ankatsalanso yekha miyezi yambiri, maso ali kunyanja.

M'chaka cha 1852 boma la France lidakhwimitsa malamulo okhudza amishonale ochokera kunja, ndipo ntchito idakanika kupitirira. A Pratt adachoka pa Tubuai atakhalapo chaka ndi theka. Mu Meyi adanyamuka ku Tahiti kubwerera ku America, ndipo adakakhala ku San Bernardino m'chigawo cha California.

Nkhani ya banjali sidathe mokoma. M'chaka cha 1858 anthu a mpingowo atauzidwa kuti abwerere ku Utah, Mai Pratt adamvera nakakhala m'mudzi wa Beaver, koma amuna ao adatsala. Bambo Pratt adali atazolowera maiko otentha ndipo chisanu cha ku Utah chinkawasautsa. Komanso sankagwirizana ndi mitala, imene mpingowo unkalola masiku amenewo mpaka pamene udalengeza zoisiya m'chaka cha 1890. Adapitako ku Beaver kukakhala kanthawi, nabwereranso ku California, kumene adamwalira m'chaka cha 1872 ali kwa mwana wao Frances. Mai Pratt adamwalira ku Beaver pa 8 Seputembala 1880 ali ndi zaka 77.

Tikudziwa zambiri za maulendo ao chifukwa maiwa ankalemba m'buku zimene ankaona ndi kumva, ndipo atakalamba adalembanso mbiri ya moyo wao. Ku zilumba zija kudatha zaka 40 popanda mmishonale wotumidwa kuchokera ku Utah. Pamene ena adafikako m'chaka cha 1892, adapeza anthu a mpingowo akusonkhanabe, akutsogoleredwa ndi eni dziko.